Kafoni koimba kamene munakaseka pa chiliza paja

Amalume, alamu, ndi nonse a kwathu ku Lizulu, landirani moni wochokera kuno ku Matundo, m'mphepete mwa Zambezi. Ine ndili bwino, kungoti Okutobala wafika ndi ukali wake. Masana kutentha kumapitirira madigiri 40, moti madzi a mumtsuko amakhala ngati wina wawatereka pamoto. Inu amene mumafunda mabulangete awiri mu Juni simungandimvetse mpaka mutabwera.

Ndalemba chifukwa cha zija zinachitika pa chiliza cha agogo. Foni italira m'thumba mwanga, ndinaitulutsa, anyamata onse amene ankasakaniza simenti n'kufa nalo phwete. Mphwanga ndiye anachita kufunsa mokweza kuti, "Achimwene, zaka zonsezi ku Tete mwabwerako ndi kameneka basi?" Pamaso pa akuluakulu sindinafune kukokana ndi mwana, ndinangoseka nawo. Koma tsopano mphwanga yemweyo akufuna kubwera kuno akakolola, ndipo akundifunsa foni yoti anyamule. Ndiye ndati ndiyankhe kamodzi, nonse mumve.

Kafoni kameneka ndi Nokia 5310 XpressMusic, mtundu umene unatuluka mu 2007. Ine ndinakagula kogwiritsidwa kale ntchito pamsika wa ku Ulongué, nthawi ija ndinkagwira ganyu m'minda ya kachewere ku Angónia. N'kopyapyala zedi, sikakwana ndi sentimita imodzi yomwe, ndipo kamalemera magalamu 71 okha. Mizere yofiira ya m'mbali mwake inasuluka kalekale. Kuno mafoni a mabatani otere amawatcha bombinha, ndipo munthu akakuuza kuti uli ndi bombinha sakukutamanda ayi.

Kuti mumvetse chimene ndimakakondera, muyambe mwadziwa ntchito yanga. Timapakira kachewere ndi kabichi pa lole ku Angónia dzuwa litapendeka, n'kunyamuka madzulo kuti ndiwo zisafote panjira. Ulendo wake ndi wa makilomita oposa 200. Timadzera pa mphambano ya Mussacama pamene msewu wathu umakumana ndi wochokera ku Zóbuè, n'kutsika kudutsa Moatize kumene fumbi la malasha limalowa mpaka m'mano, kenako n'kuwoloka Zambezi kukatsitsa katundu ku msika wa Kwachena kusanache. Kutsogolo kumakhala adalaivala ndi eni katundu. Ife malo athu ndi pamwamba pa matumba, dzanja limodzi litagwira chingwe zolimba.

Pamenepo ndi pamene kafoni kanga kamaonetsa ntchito yake. Pambali pa galasi pali mabatani atatu a nyimbo okha: limodzi loyambitsa ndi kuimitsa, lina lopitira kutsogolo, lina lobwerera m'mbuyo. Chala changa chinawazolowera ngati mmene lilime limadziwira mano. Kafoni kamakhala m'thumba la jekete, zipi yotseka, ine n'kumangodina kunja kwa nsalu osayang'ana. Nyimbo ikandikwana ndimadumpha, ikandikhudza ndimabwereza. Anzanga a mafoni opalasa amayenera kutulutsa foni, kuitsegula, kuyang'ana pagalasi mphepo ikuwomba m'maso, lole ikudumpha maenje. Mnyamata wina wa ku Tsangano yake inamupulumuka usiku tili pamtsetse. Tinagogoda padenga kuti adalaivala aime, tinabwerera wapansi ndi tochi, tinakapeza zidutswa zokhazokha. Anali asanamalize n'komwe kubweza ngongole imene anagulira.

China chimene opanga anaganiza bwino ndi kabowo ka mahedifoni. Ndi kaja kozungulira ka mamilimita 3.5, kamene kamalandira mahedifoni alionse a pamsika, ngakhale otchipa aja amene amafa khutu limodzi pakatha mwezi. Ukakhala ndi kachingwe, umalumikizanso ku sipika yaikulu paukwati kapena m'golosale. Lero zimaoneka zachabe, koma masiku amenewo mafoni ambiri anali ndi kamwa lawolawo. Mnzanga wina wa ku Dómuè ali ndi Sony Ericsson W810i ya mu 2006, ija yolembedwa kuti Walkman. Pa mawu sindinganame, imagunda bwino, ndipo kamera yake imaposa yanga. Koma tchaja yake ndi ya kamwa lotambalala, ndipo khadi lake ndi Memory Stick, osati microSD imene imapezeka paliponse. Tchaja itamuthyokera anazungulira msika wonse mpaka zidendene kung'aluka. Panopa foni ili m'chikwama pamodzi ndi makhadi a ubatizo. Yanga imatenga tchaja ya pini yaing'ono ija, imene mpaka lero sulephera kuipeza pa thebulo la ogulitsa zakale.

Wailesi ndiye ndimaiwerengera ngati mbale. Imafuna kuti mahedifoni akhale olowetsa chifukwa chingwe chake ndicho mlongoti. Tikakhala kumtunda kufupi ndi malire, mawailesi a kwathu amamveka ngati ndili pakhonde la amalume. Ndimamva mpira, mitengo ya fetereza, mauthenga achisoni. Tikayamba kutsika, mawu amayamba kusweka, kenako phokoso lokhalokha. Nthawi imeneyo ndiye ndimadziwa kuti kwathu ndakusiya m'mbuyo, ngakhale chidindo cha pachipata ndinachidutsa masiku apitawo. Ndikatero ndimatembenuzira ku Rádio Moçambique ya ku Tete, imene ili ndi nthawi ya Chinyanja ndi ya Chinyungwe. Kachinyungwe kamene ndimanenerera nako mitengo pamsika ndinakatola pamenepo.

Kumene ndimagona kuno tilipo ambiri olankhula chinenero chimodzi, a ku Angónia, a ku Macanga, a ku Tsangano, ndi ife a tsidya la msewu. Iwo amati Chinyanja, ife timati Chichewa, koma nsima ikapsa palibe amene amafuna womasulira. Usiku m'nyumba simugoneka, ndiye timayala mphasa panja. Sipika ya kafoni kanga ndi yaing'ono, ukakweza kwambiri mawu amanjenjemera. Mayi wina wogulitsa masau ndi amene anandiphunzitsa nzeru: anatenga kapu yachitsulo yopanda kanthu, n'kuponyamo kafoni. Mawu anatuluka onenepa, bwalo lonse kumva. Kuyambira tsiku limenelo kapu ija sitimweranso madzi. Timayamba ndi nyimbo za marrabenta za kuno ku Mozambique kapena sungura ya ku Zimbabwe kusangalatsa anyamata, koma kukamada kwambiri wina amangoti, "Akulu, ikani za kwaya zija." Zikayamba, nkhani zimatha. Aliyense amayang'ana kumwamba, mtima uli kumudzi kwawo.

Za batire ndinene mosabisa. Lake lenileni ndi la 860 mAh, ndipo opanga ankati lingaimbe mpaka maola 18. Ndikakhala ndi batire labwino, ndimapita ku Angónia n'kubwerako osatchaja. Zimenezi n'zofunika, chifukwa m'midzi yambiri imene timagulamo kachewere mulibe magetsi, anthu amakatchajitsa pa sola ya m'golosale. Zimandidabwitsabe ndithu kuti chigawo chomwechi ndicho chili ndi damu la Cahora Bassa ku Songo, limene magetsi ake amayenda makilomita pafupifupi 1,400 kukawalitsa ku South Africa. Koma tisiye zimenezo, ndi za akuluakulu. Vuto langa ndi loti batire lenileni linatha mphamvu zaka zapitazo, ndipo amene amagulitsidwa pamsika ambiri ndi ongofanizira. Limodzi ndinaliiwala m'foni pagalasi la lole masana. Linatupa ngati chitumbuwa, n'kukankha chotsekera cha kumbuyo mpaka timano take tinathyoka. Mphira ija munaiona yokulunga kafoni, imene alamu anati ndi chithumwa, ntchito yake ndi imeneyo.

Ubwino wina ndinauzindikira mwangozi. Tsiku lina ndinakaiwala pabenchi pamene ndinkadya nsima ya nsomba zouma za chicoa. Ndinakumbukira nditatsitsa kale matumba makumi awiri. Nditathamangirako ndinakapeza pomwepo, mwana wa mwini malo akuseweretsa mabatani. Pamsika pamene foni yopalasa imasowa m'thumba mwini wake ali maso, kanga wakuba amakayang'ana n'kukamvera chisoni.

Tsopano mphwanga, tchera khutu, chifukwa apa ndi pamene kuseka kwako kunali ndi chifukwa.

Kamalowa simu imodzi yokha. Munthu wa m'malire ngati ine amafunika ziwiri, ya kuno ndi ya kwathu. Ndikafika kufupi ndi Calómuè kapena Biriwiri ndimamasula mphira, kuchotsa chotsekera, kuchotsa batire, kusintha simu, kenako kukonzanso nthawi. Simu inayo ndimaikulunga m'kapepala, ndipo ndatayapo ziwiri. Kutumiza ndalama pa M-Pesa kumatheka bwinobwino chifukwa n'kongodina manambala, koma zina zonse za intaneti iwalani. Kalibe 3G, kalibe WhatsApp. Ogula akuluakulu a m'tauni masiku ano amafuna uwatumizire chithunzi cha kachewere asananene mtengo. Ine ndimachita kupempha mnzanga, ndipo wopemphedwayo nthawi zina amalanda kasitomala n'kukhala wake. Kamera ilipo, ya mamegapikiselo awiri, yopanda kuwala kwake. Masana imayesetsa. Madzulo munthu amaoneka ngati chithunzithunzi cha m'chitsime.

Mwana wathu wachitatu atabadwa, mayi a kunyumba anabwereka foni kwa aphunzitsi n'kutumiza chithunzi pa nambala ya mnzanga wogulitsa anyezi. Ndinaona nkhope ya mwana wanga nditaimirira pakati pa msika, foni ili m'manja mwa munthu wina, iye akundifulumizitsa chifukwa kasitomala ankamuimbira. Ndinayang'ana mwina mphindi imodzi. Usiku umenewo ndinayala mphasa patali ndi anzanga, kapu ija sindinaikhudze.

Koma chimene chinandipweteka koposa ndi cha khadi. M'kati mwa kafoni muli malo ochepa kwambiri, 30 MB, nyimbo zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi ziwiri basi zadzaza. Zonse zimakhala pa memori khadi, ndipo kamalandira mpaka 4 GB. Pa khadi langa loyamba panali nyimbo mazanamazana, komanso zija ndinajambula ndekha kutchalitchi kwathu pa Khirisimasi yomaliza imene amayi anali moyo. Mawu ake sanali omveka bwino, munali kutsokomola kwa anthu ndi kulira kwa makanda, koma liwu la amayi linkamveka pamwamba pa amayi anzawo onse, monga mukudziwa mmene ankakwezera. Ndinapita nalo khadi kwa mnyamata wina wobena nyimbo pa kompyuta kuti andiwonjezere zatsopano. Pobwera, kafoni kanangoti mulibe kanthu. Mnyamatayo anati khadi lagwidwa vairasi, mankhwala ake n'kulifufuta lonse. Ndinavomera. Patapita miyezi, wina wodziwa makompyuta anandiuza kuti vairasi yotere kawirikawiri imangobisa nyimbo, siziwonongeka, ndipo akanatha kuzibweza ndikanapanda kufufuta n'kudzazamo zina. Kulakwa kunali kwanga, posunga chinthu chotere pamalo amodzi. Tsopano ndili ndi makhadi awiri, limodzi limakhala m'Baibulo ndipo silipita kwa obena.

Mwina mwaonako m'masitolo ina yatsopano ya dzina lomweli, Nokia 5310, imene inatuluka mu 2020. Musasokoneze ndi yanga. Iyo ili ndi masipika awiri kutsogolo, wailesi yake imalira popanda mahedifoni, ndipo ilipo yolowa masimu awiri. Koma WhatsApp ilibenso, ndipo kamera yake ndi yochepa mphamvu kuposa ya yakaleyi.

Ndiye mphwanga, ngati ndalama ya nyemba ikwane, gula yopalasa yolowa masimu awiri, chifukwa popanda imeneyo malonda akudutsa. Koma uziisunga m'chikwama cha m'kati, uzingoitulutsa pamsika. Ya pamwamba pa lole tidzakusakira bombinha kuno, sizivuta. Ubwere ndi jekete ya zipi, pakuti usiku wa ku Angónia umazizira ngati kwathu komweko, ngakhale udzaivula tisanafike ku Moatize.

Amalume, pempho langa ndi ili. Pa Khirisimasi ija sindinali ndekha wojambula, ndikukumbuka kuti mwana wa akulu a mpingo anaimikanso foni yake m'mwamba. Mukawafunse ngati akadali nazo. Zikapezeka, musazipereke kwa obena a pamsika. Mphwanga akazikopere pa khadi latsopano, alikulunge m'pepala, abwere nalo m'thumba la malaya.