Epoxy, etch, 2K kapena 1K: primer uti pansi pa penti wa galimoto?

Ambiri akalowa m'sitolo ya penti amangoti "ndipatseni primer," ngati kuti alipo wamtundu umodzi. Musanafunse mtengo, yang'anani kaye chimene chatsala mutakwecha galimotoyo: chitsulo chokhachokha, filler (phala lokwirira malo opindika), penti wakale, kapena pulasitiki. Chimenecho ndicho chikuuzeni chitini choti mugule.

Pa chitsulo chokhachokha, mkangano uli pakati pa etch ndi epoxy. Etch ali ndi asidi pang'ono amene amadya pamwamba pa chitsulo kuti zopaka zigwire. Amauma msanga ndipo mumangopopera kamodzi, mopyapyala. Kuipa kwake n'kwakuti filler samamatira bwino pamwamba pake, komanso payekha satchinga chinyezi nthawi yaitali. Epoxy amafuna hardener wake (mankhwala omuumitsa), amachedwa kuuma, ndipo kumukwecha ndi chintchito chifukwa amamata pa sandipepa. Koma akauma madzi sapeza polowera, ndipo filler mutha kumupaka pamwamba pake osadandaula. Taganizirani za magaraja athu a ku Biwi kapena ku Ndirande, kumene galimoto imagona pabwalo milungu ingapo mwiniwake akusakasaka ndalama za penti, mvula ya Januwale ili pakalikiliki. Pamenepo ine ndimasankha epoxy. Chongokumbukira n'chakuti ali ndi nthawi yake yopakira zina pamwamba, yolembedwa pachitini; ikadutsa, mukwecheni pang'ono kaye. Etch ndimamusungira timalo ting'onoting'ono pamene sandipepa wabowola mpaka pachitsulo ndipo ntchito ikutha tsiku lomwelo.

Primer wa 2K, wokhuthala komanso wosakaniza zinthu ziwiri (primer ndi hardener), ntchito yake ndi ina. Iye sakulimbana ndi dzimbiri ayi, akukwirira mikwingwirima ya sandipepa wa P180 kapena P240 ndi timaenje ta filler. Ambiri amasakanizidwa magawo 4 pa gawo 1 la hardener, koma werengani chitini, osayeza ndi maso. Akauma, poperani penti wakuda pang'ono pamwamba n'kukwecha ndi sandipepa wokulunga pa thabwa lathyathyathya: pamene patsala kuda ndi pokumbika. Malizani ndi sandipepa wosalalirapo: P400 ngati penti ndi wamba, P600 ngati ndi metallic (wonyezimira ngati chitsulo), poti siliva sabisa kanthu. Kumuthira molunjika pachitsulo chachikulu kenako n'kukwecha ndi madzi, monga ena amachitira, n'kuitana matuza, chifukwa primer ameneyu amamwa madzi.

Nanga wa 1K, wongosungunula ndi thinner? Ndi wotsika mtengo, ndipo pakangopita mphindi zochepa mwayamba kale kukwecha. N'chifukwa chake amakondedwa pa ntchito za maminibasi zofuna kubwerera pamsewu mawa. Tsoka lake amafota. Galimoto imatuluka ikuwala, koma dzuwa la Okutobala likaiwomba, mikwingwirima ndi malire a filler zimayamba kuonekera pa boneti, kasitomala n'kubwera nkhope ili gwa. Pa kachigamba kakang'ono m'munsi mwa chitseko angathe. Pa galimoto yonse, ndalama imene mwapulumutsa idzathera pobwereza.

Red oxide wa m'mahadiweya musiyireni owotcherera mageti ndi mawindo. Thinner wa penti wa galimoto amatha kumufewetsa, penti yense n'kuchita makwinya.

Mabampala a galimoto zochokera ku Japan ambiri ndi a pulasitiki wa PP, ndipo pa ameneyu palibe mwa ma primer onsewa amene amagwira yekha. Pamafunika kaye plastic primer wopyapyala, apo ayi penti adzasupuka ngati khungu la njoka.

Ngati thumba likulola, dongosolo langa ndi ili: epoxy pachitsulo, filler, 2K, kenako penti. Likaperewera, chepetsani epoxy pomupopera pokhapo pamene chitsulo chaonekera, koma 2K asasowe. Ndipo popopera 2K valani masiki yeniyeni ya mankhwala. Hardener wake ali ndi mankhwala otchedwa isocyanate oyambitsa mphumu, ndipo kansalu kakumphuno sikamutchinga.