Ntchito ya ma aircon pa kampani yaikulu ku Joni

Ambiri mwa inu abale mukamafunsa za ntchito ya ma aircon kuno ku South Africa, mumayamba ndi funso lakuti munthu wodziwa kale kukonza mafiriji angalowe kodi. Angalowe ndithu. Koma kampani yaikulu, ya magalimoto ambirimbiri, yosamalira nyumba zosanjikizana, zipatala ndi masitolo akuluakulu, silemba munthu chifukwa choti manja ake ndi achangu. Imafuna munthu woti akachoka pamakina asaitanidwenso sabata yamawa pa vuto lomwelo, ndipo zimene wachita zioneke ndi manambala pa job card, pepala lolembapo ntchito imene wagwira. Chizolowezi chongothira gasi mpaka paipi itazizira n'kumapita, kuno ndi chimene chimachotsetsa anthu ntchito.

Kampani yotere imagawa anthu m'magulu. Ena ndi oika makina atsopano, ena ndi oyendera makina a makasitomala amene ali pa kontirakiti mwezi ndi mwezi, ena ndi othamangira pamene pafa makina. Palinso ochepa a ma chiller, makina oziziritsa madzi kufika pa madigiri 6 kapena 7 kuti azungulire nyumba yonse n'kubwerera ali pa 12. Mlendo amayambira ngati wothandizira: kunyamula makwerero, kutsuka masefa, kuboola khoma. M'galimoto mumakhala awiri, mmisiri ndi womuthandiza, ndipo ntchito ya tsikulo imabwera pa foni kapena pa tabuleti. Galimotoyo ili ndi tracker, kotero ofesi imadziwa nthawi imene mwafika ndi imene mwanyamuka.

Pamene munthu amaonekera kuti ndi mmisiri kapena ayi ndi pa mapaipi a kopa. Paipi imadulidwa ndi chodulira mapaipi, osati sowo, chifukwa utuchi wa kopa ukalowa mkati umakathera mu kompuresa, injini yopopa gasi. Mukadula, mumapala m'kamwa mwake itayang'ana pansi. Kenako mumapanga flare, kukuza kukamwa kuja kuti kukhale bwino pa nati. Ma aircon ang'onoang'ono ambiri amadontha gasi pamenepa. Natiyo ili ndi muyeso wake: paipi ya 1/4 inchi imamangidwa pa 14 mpaka 18 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira nati), ya 3/8 pa 34 mpaka 42, ya 1/2 pa 49 mpaka 61, ndipo pamafunika sipanala yoyeza mphamvu. Mukapereweza, gasi amatuluka pang'onopang'ono. Mukapyoza, kopa amaphwatalala n'kung'aluka, nthawi zina patapita miyezi itatu. Kapitawo wozindikira sachita kufunsa, amangosisita chala pansi pa nati. Akapeza mafuta atagwira fumbi lakuda, wadziwa kuti pamenepo pakudontha, poti gasi akamatuluka amatenga ndi mafuta a kompuresa.

Powotcherera, mkati mwa paipi muyenera kumayenda nayitirojeni pang'ono chabe, wongomveka pakhungu. Anthu ambiri obwera kumene amaona ngati n'kutaya nthawi. Dulani paipi yowotcherera popanda nayitirojeni, muigogode pachikhatho: mugwa timakoko takuda ngati mwaye wa pansi pa mphika. Timakoko timeneto gasi amatikokolola n'kukatseka sefa kapena valavu yaing'ono yolowetsa gasi. Pa makina a VRF, amene makina amodzi akunja amadyetsa zipinda makumi awiri kapena kuposa, kutsekeka kotereku kumatanthauza kuphwasula siling'i ya nyumba imene anthu ayamba kale kugwiriramo ntchito.

Mukatha kulumikiza, mumapopera nayitirojeni kuti muone ngati pali podontha. Pa VRF ya gasi wa R410A opanga ambiri amati mufike pa mphamvu ya 40 bar kapena kupitirira pang'ono, musiye maola 24. Lembani nthawi, mphamvu ndi kutentha kwa kunja poyamba ndi pomaliza, chifukwa kunja kukazizira ndi digiri imodzi geji imatsika pafupifupi 0.1 bar ngakhale palibe podontha. Ndipo ndikupempheni, musayerekeze kuyeza ndi oxygen ngakhale botolo lake lili pafupi. Oxygen akakumana ndi mafuta a kompuresa pa mphamvu yotero amaphulika.

Zikatero imabwera vakyumu, kukoka mpweya wonse m'mapaipi ndi pampu. Cholinga chake si kutulutsa mpweya wokha, koma chinyezi. Mafuta a kompuresa a mtundu wa POE amene ali m'makina ambiri a gasi wa R410A ndi R32 amamwa chinyezi msanga, n'kusanduka asidi wodya mawaya a mkati mwa kompuresa. Makina amayenda bwinobwino chaka choyamba, chachiwiri kompuresa yapsa, ndipo kampani imafufuza pa job card kuti anaika ndani. Muyeso wa vakyumu ndi 500 micron kapena kutsikirapo, pa micron gauge, geji yoyeza mpweya wotsala m'mapaipi. Mukafika pamenepo tsekani valavu, zimitsani pampu, dikirani mphindi 15. Nambala ikakwera pang'ono n'kuima, mukadali chinyezi, pitirizani. Ikamangokwera osaima, pali podontha. Geji wamba ya singano siingakuuzeni zimenezi. Kuno ku Johannesburg imasokonezanso alendo, chifukwa mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya ndi wopepuka, ndiye singano imaima cha pa 24 kapena 25 m'malo mwa 30 imene munthu anazolowera kumalo otsika. Ena amayamba kunena kuti pampu yafa pamene ili bwinobwino.

Gasi amathiridwa pa sikelo. Makina ang'ono amabwera ndi gasi wokwana paipi ya mamita 5 kapena 7.5, malinga ndi wopanga, ndipo paipi ikatalika mumawonjezera monga buku lanenera, kawirikawiri magalamu 15 kapena 20 pa mita iliyonse ya paipi ya 1/4. R410A ndi gasi wosakaniza, theka R32 theka R125, choncho amatuluka m'botolo ali wamadzi. Mphamvu zake ndi zina: pamene gasi wakale wa R22 ankaonetsa 4.5 mpaka 5 bar kumbali yoyamwa, R410A amakhala cha pa 8 kapena 9. Amene anaphunzirira pa R22 akaona 8 amaganiza kuti gasi wachuluka n'kuyamba kutulutsa. R22 yemweyo akutha pang'onopang'ono chifukwa cha pangano la Montreal la 1987, ndipo pangano la Kigali la 2016 likuchepetsanso R410A ndi anzake. Makina atsopano ambiri ndi a R32, amene amayaka akapeza moto, ndipo ena ndi a R290, amene ndi propane weniweni. Kutulutsira gasi m'mwamba n'koletsedwa. Pali makina okokera gasi m'botolo lake, ndipo makilogalamu amene mwakoka mumawalemba.

Chodabwitsa n'chakuti madandaulo ambiri a makasitomala sakhudza gasi n'komwe, ndi madzi. Aircon imatulutsa madzi, ndipo paipi yake iyenera kutsika sentimita imodzi pa mita iliyonse. Ikapindika pakati, madzi amaima, mumamera ndere zoterera, thireyi yolandira madzi imadzaza, madzi n'kudonthera pa kompyuta ya munthu. Mukaika makina, thirani malita awiri mu thireyi, mupite mukaone ndi maso kuti atuluka mbali inayo.

Poitanidwa kuti makina sakuziziritsa, musathamangire geji. Yambani ndi mpweya. Sefa yotsekeka ndi fumbi imachepetsa mpweya wodutsa pa koyilo (timapaipi toyendamo gasi), koyilo imazizira kupyola muyeso n'kuundana madzi oundana, mphamvu ya gasi n'kutsika. Wosadziwa amaona geji yatsika, amathira gasi, ndipo sefa ikadzatsukidwa gasi uja amabwerera wamadzi ku kompuresa n'kuiwononga. Yezani mpweya wolowa ndi wotuluka: kusiyana kwa madigiri 8 mpaka 12 ndiye kuti makina akugwira. Onani koyilo yakunja, imene padenga imadzaza masamba ndi nthenga za nkhunda. Ngati kompuresa ikungolira hmm n'kuzima, yezani kapasita, kachipangizo kosunga magetsi kothandiza kompuresa kudzuka; ikatupa pamwamba kapena ikatsika kwambiri pa nambala yolembedwapo, sinthani. Ndipo ngati gasi wachepadi, pali pamene watulukira. Gasi satha ngati petulo. Kuthira osapeza bowo ndi kuitanitsa ulendo wachiwiri umene kampani siilipiritsa kasitomala, ndipo maulendo oterewa amawerengedwa pa dzina lanu.

Musaganize kuti m'nyengo yozizira ntchito imaima. June ndi July ku Johannesburg usiku kumafika pafupi ndi 0, ndipo makina omwewo amatembenuzidwa kuti azitenthetsa. Valavu ya njira zinayi imasintha mayendedwe a gasi, koyilo yakunja ndiyo imazizira n'kuundana. Pakapita nthawi makina amaimitsa fani, amasungunula madziwo, panja n'kutuluka nthunzi yoyera. Makasitomala amaimba foni kuti makina akupsa, pamene akungodzisungunula. Nyengo imeneyi ndiyonso yokonza zikuluzikulu: kutsuka ma chiller, kusintha malamba ndi ma bearing a mafani, kutsuka ma cooling tower, nsanja zoziziritsira madzi ndi mphepo. Pa ma tower valani chotchinga mphuno chenicheni, chifukwa madzi ofunda oima amasunga tizilombo ta Legionella toyambitsa chibayo choopsa.

Zovulaza pa ntchitoyi ndi magetsi, denga ndi gasi. Makina akuluakulu amayendera 400 V. Mukazimitsa, mumaika loko wanu pa switch, kiyi m'thumba mwanu, n'kuyeza ndi mita musanagwire, chifukwa nyumba yaikulu ili ndi anthu ambiri oti angayatse osadziwa kuti muli padenga. Makina a inverter, amene kompuresa yake imasintha liwiro, amasunga magetsi opitirira 300 V m'makapasita ake ngakhale mutazimitsa. Dikirani mphindi 10, muyezenso. Magetsi akamazimazima, pobwera amawotcha ma board ambiri, ndiye musanaike board yatsopano yezani kaye magetsi olowa. Padenga lamba wotetezera amakoledwa pa chitsulo cholimba, osati pa paipi. Gasi wamadzi akakugwerani pachala amawotcha ngati moto, khungu limayera pomwepo. M'chipinda chotseka gasi amakhala pansi poti ndi wolemera kuposa mpweya, alibe fungo loti likuchenjezeni, ndipo munthu amangoyamba chizungulire.

Pa mapepala, kampani yaikulu siseka. Imafuna chilolezo chenicheni chogwirira ntchito m'dziko muno, chifukwa pa geti la chipatala kapena fakitale amayamba aona fayilo ya wogwira ntchito aliyense, kuphatikizapo kalata ya dokotala ndi satifiketi yogwira ntchito pamalo okwera. Wogwira gasi wa mafiriji amayenera kulembetsa ku SAQCC Gas, bungwe lolembetsa amisiri a gasi, atachita maphunziro a kagwiridwe kake, ndipo khadi lake limakonzedwanso pakatha zaka zitatu. Satifiketi yochokera kunja imayamba yaunikidwa ndi SAQA, bungwe loona za masatifiketi a maphunziro, choncho bwerani nayo yeniyeni pamodzi ndi pepala la maphunziro amene munakhoza. Amene akufuna kukwera kufika pa mmisiri wovomerezeka amalemba mayeso a umisiri (trade test) kuno.

Lamulo la ntchito limati maola wamba asapitirire 45 pa sabata, ovataimu ilipidwe kamodzi ndi theka, ndipo Lamulungu kawiri kwa amene si tsiku lake logwira ntchito. Pa malipiro amadula 1 peresenti ya UIF, thumba lothandiza anthu ntchito ikawathera. Kuyambira October mpaka February kutentha kukafika, mafoni sasiya kulira, ndipo pamakhala sabata ya standby imene foni ya kampani imagona pamutu panu. Chipinda cha ma server (makompyuta aakulu) chikatentha 2 koloko usiku, mumadzuka. Maola onsewa lembani m'kabuku kanu tsiku lomwelo, ndi nambala ya job card pambali pake, kuti pa kutha kwa mwezi mufananize ndi payslip.