MIG ya gasi kapena waya wa flux: iti ikuyenera galimoto yanu?

Makina ambiri owotcherera zitsulo a MIG masiku ano amalandira mawaya a mitundu iwiri, wofuna gasi ndi wa flux womwe sufuna gasi, ndiye wogula amangoti kusiyana kwake ndi mtengo wa silinda ya gasi basi. Kusiyana kwenikweni mumakuona mukagunda lata la galimoto. Chitseko, denga ndi pansi pa galimoto ngati Sienta kapena Probox n'zachitsulo chopyapyala, mamilimita 0.7 mpaka 1, pomwe chasisi ya pikapu imayambira pa mamilimita 2 kukwera. Powerengera moto, milimita imodzi ya chitsulo imafuna ma amp pafupifupi 40. Lata la 0.8 ndiye likufuna ma amp 30 kapena 35 okha. Musanafunse kuti makina amakwera kufika pati, funsani kuti amatsika kufika pati. Oyambira pa ma amp 50 aziboola chitseko ngakhale muwaike waya wabwino chotani.

Pa bodi, gasi alibe mnzake. Waya wake ndi wopanda kanthu m'kati, wolembedwa ER70S-6, ndipo alipo wa mamilimita 0.6, womwe umasungunuka ndi moto wochepa lata lisanatenthe kwambiri. Wa 0.8 ndi wa chitsulo cha mamilimita 1.5 kupita m'tsogolo, ngakhale dzanja lozolowera limaugwiritsanso pa lata. Msoko umatuluka woyera, wopanda makoko, ndipo zimenezi n'zofunika chifukwa lata siliwotchereredwa ndi mzere umodzi wautali. Mumadontheza kadontho apa, kena patali masentimita 5, n'kubwerera pakati, mpaka madontho akumane. Mukathamangitsa mzere, chitseko chimapindika ngati mbale. Kadontho katsopano kamakwera pa kakale popanda kuima kuti mupale. Poika chigamba pomwe panali madontho a kufakitale, boolani timabowo ta mamilimita 6 mpaka 8 motalikirana masentimita 3, muzidzaza kuyambira pakati. Kachidutswa ka kopa mukakagwiriza kuseri kwa bowo kamaletsa chitsulo chosungunuka kugwa, ndipo sikamamatira.

Gasi amene alipo n'ngwamitundu iwiri. CO2 yekha ndi wotchipa ndipo silinda imakhalitsa, popeza amakhalamo ngati madzi. Pachifukwa chomwecho silindayo iziima chilili, yomangidwa ndi tcheni. Koma amalowetsa moto kwambiri ndipo amamwaza timadontho tachitsulo. Wosakaniza argon ndi CO2, magawo 75 kapena 80 pa 100 aliwonse kukhala argon, amayaka mofatsa ndipo amalekerera wophunzira pa lata lopyapyala. Ngati thumba lalola, tengani wosakanizayo. CO2 amagwirabe ntchito, kungoti grinder imakhala ndi zochita zambiri pambuyo pake. Tsegulani malita 8 mpaka 12 pa mphindi, ndipo muwerenge geji mutakanikiza batani la tochi, chogwirira chomwe waya umatulukira. Kutsegula kwambiri sikuteteza msoko: gasi amachita kamvuluvulu n'kukokeramo mpweya wakunja.

Mdani wa gasi ndi mphepo. Kamphepo kongogwedeza masamba n'kokwanira kuuluza gasi, msoko n'kutuluka ndi timabowo ngati chisa cha chiswe. Kwathu kuno magalimoto ambiri amakonzedwera pabwalo kapena pashedi ya denga lokha, ndiye nthawi ya mwera vutoli limakhala la tsiku ndi tsiku. Apa m'pomwe waya wa flux umapambana. M'kati mwake muli ufa womwe ukamayaka umadzipangira chotchinga chake, ngati mmene marodi owotcherera amachitira. Palibe silinda yolipirira, palibe ulendo wokadzadzitsa ku Afrox, ndipo makina mumanyamula ndi dzanja limodzi. Pa bulaketi ya ekizozi, ngolo yokoka, kapena zitsulo za kumbuyo kwa pikapu, kuyambira mamilimita 2, umalowa bwino ndipo kadzimbiri pang'ono sikaudodometsa.

Pa lata ndiye umavuta. Waya wa flux wochepetsetsa womwe umapezeka kawirikawiri ndi wa 0.8, ndipo umatentha kuposa waya wa gasi wofanana nawo kukula. Pansi pa mamilimita 1.2 muzingotseka mabowo omwe mwaboola nokha. Kadontho kalikonse kamasiya khoko lofunika kulipala ndi burashi yawaya musanaike kena. Lotsalira limatsekeredwa mu msoko, ndipo mvula ikadutsa kamodzi penti imayamba kutukusira pomwepo. Utsi wakenso ndi wambiri moti pansi pa galimoto simuona bwino pomwe mukuwotcherera. Onaninso zolembedwa pa waya: E71T-GS ndi wa mzere umodzi wokha, pomwe E71T-11 umalola kubwereza mizere.

Ambiri omwe amati makina awo ndi achabechabe amakhala kuti sanatembenuze zingwe. Waya wa gasi umafuna tochi pa + ndi earth, chingwe chomwe chimamangidwa pa chitsulo chomwe mukuwotcherera, pa −. Wa flux umafuna tochi pa − ndi earth pa +. Mukaiwala, waya umangophulikaphulika osalowa. Kagudumu kokankha waya nakonso kamasinthidwa: ka ngalande yosalala n'ka waya wa gasi, ka mano n'ka flux, ndipo kasamange kwambiri chifukwa waya wa flux ndi kapaipi, umaphwanyika. Kansonga ka kopa ka pa tochi kagwirizane ndi kukula kwa waya. Ndi gasi, waya utuluke mamilimita 6 mpaka 10 ndipo tochi muziikankha kutsogolo; ndi flux utuluke 12 mpaka 15 ndipo muziikoka. Yeserani pa chidutswa cha lata lofanana ndi lomwe mukukonza. Zikagwirizana, phokoso limakhala losadukiza ngati tchipisi pa chiwaya. Tochi ikamakukankhani, waya ukuthamanga kwambiri. Waya ukamasungunukira ku kansonga, ukuchedwa.

Ku magetsi njira ziwirizi sizisiyana. Pulagi ya m'nyumba ya mano atatu ili ndi fyuzi ya ma amp 13, ndipo pa ma volt 230 imapereka pafupifupi 3 kW, yokwanira makina a ma amp 130 kapena kuposerapo pang'ono. Chingwe chowonjezera chikhale cha 2.5 mm², chotambasulidwa chonse. Pa makina pomwe palembedwa 20% pa 130 A akutanthauza mphindi 2 zowotcherera pa mphindi 10 zilizonse. Pa madontho a lata simungafikepo, koma pa chasisi makina azizima okha.

Musanayatse, chotsani chingwe cha − pa batire, ndipo earth muimange pa chitsulo chopalidwa pafupi ndi msoko kuti magetsi asadutse m'mabering'i kapena mu kompyuta ya injini. Suzumirani kuseri: kapeti, mawaya, mapaipi a mafuta ndi a mabuleki. Musatsuke chitsulo ndi brake cleaner wokhala ndi chlorine, chifukwa akakumana ndi moto wa MIG amatulutsa phosgene, mpweya wakupha. Galasi la chipewa likhale la nambala 10 kapena 11. Mizati ya pakati pa zitseko m'magalimoto ambiri atsopano n'njachitsulo cholimbitsidwa mwapadera chomwe chimafooka chikatenthedwa, ndiye imeneyo isiyireni a panel beating okhala ndi zida zake.

Wofuna kuika chigamba pansi pa galimoto podyedwa ndi dzimbiri agule silinda ndi waya wa 0.6, mphepo aitchinge ndi malata awiri akale. Wa mabulaketi ndi ngolo, flux imukwanira. Pogula makina, tsegulani kachitseko ka m'mbali muone ngati zingwe za + ndi − zimasinthika komanso ngati kumbuyo kuli polowera paipi ya gasi. Waya wotsala muzisunga mu pulasitiki yomanga nthawi ya dzinja, chifukwa wadzimbiri umatseka njira ya m'chingwe cha tochi.