Minsi ya soya ya m'fuliji: pa tacos imakoma, koma mtengo wake ndi wowawa

Ndikuipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu, ndipo ndikulankhula nditaiphika kangapo.

Ndinagula mapaketi a magalamu 400 mu supamaketi ina ku Lilongwe chifukwa cha mwana wanga wamkazi, amene anabwera kutchuthi kuchokera ku Cape Town atasiya kudya nyama. Iyeyo ndiye anaumirira kuti tiphike tacos, chakudya cha ku Mexico chija: kachapati kopyapyala kotchedwa tortilla, pakati n'kuikapo ndiwo, kenako kukapinda n'kumadya ndi manja.

Ubwino wake ndiwo woyamba kuoneka. Siifuna kunyika, ilibe kafungo ka soya kaja, ndipo ukaitsanulira m'mbale imaoneka ngati nyama ya ng'ombe yogaya. Maonekedwe amenewo ndi amene anandipusitsa tsiku loyamba. Ndinaiponya m'chiwaya ndi timafuta tochepa, poganiza kuti itulutsa mafuta ake monga imachitira ng'ombe. Ayi ndithu. Inakakamira pansi, ndipo yomwe ndinapulumutsa inali youma ngati utuchi.

Kachiwiri ndinathira masipuni atatu a mafuta, chiwaya chitatentha bwino, n'kuiyala minsiyo osaitakasa mpaka pansi pake patafiira. Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa kukoma konse kumachokera pa kufiirako. Kenako anyezi, adyo, cumin, paprika, kambuzi mmodzi, matimati osinja ndi theka la kapu ya madzi, n'kuisiya mphindi zisanu kuti msuzi ulowerere. Pamwamba tinaika mapeyala okanya ndi mandimu, kabichi wodula mopyapyala ndi nyemba zotsala dzulo lake. Bambo a kunyumba atangoluma anati, "Iyi si ng'ombe, musandinamize." Anadya anayi.

Chomwe chachotsa nyenyezi ziwiri ndi zomwe ndinaona kachitatu. Ndinaphika minsiyi mbali imodzi, mbali ina soya pieces wamba wa m'golosale, zokometsera zofanana. Paja zonsezi n'zapachibale: soya akamufinya mafuta, ufa wotsalawo amaupanikiza m'makina otentha mpaka utuluke wa timitsempha ngati nyama. Soya pieces ndinamunyika m'madzi otentha mphindi khumi, n'kumufinya m'kansalu koyera mpaka madzi atasiya kudontha, kenako n'kumudula tizidutswa ting'onoting'ono. Ambirife timadumpha kufinyako, n'chifukwa chake soya wathu amatuluka wa madzimadzi ndi wonunkha. Ukamufinya amamwa mafuta ndi zokometsera, ndipo amafiira bwinobwino.

Patebulo kusiyana kunalipo, koma kochepa. Ya m'fuliji ndi yofewa ndipo imagwirana bwino mu tortilla, pamene soya pieces amafuna kutafuna pang'ono ndipo amayoyoka ukaluma. Mwana wanga anasankha ya m'fuliji. Ine ndinayang'ana lisiti: ndalama ya paketi imodzi ikanandigulira soya pieces wodya banja lonse masiku angapo. Komanso soya pieces amakhala m'kabati miyezi osadandaula, pamene iyi imafuna fuliji nthawi zonse. Tsiku lina magetsi atazima kuyambira m'mawa, paketi yomaliza inasungunuka, moti ndinaiphika usiku womwewo ngakhale ndiwo zinali zitapsa kale.

Za tortilla ndinenepo pang'ono, poti wina angagwe m'mbuna yomwe ndinagwamo. Ndinati chimanga tili nacho, ndingokanda ufa woyera. Tichapati tonse tinathetheka m'chiwaya momwemo. Anthu a ku Mexico, kumene chimanga chinachokera, amayamba achiwiritsa m'madzi a laimu asanachipere, ndipo zimenezo ndi zomwe zimachititsa kuti ufa wake uzigwirana ukaukanda. Wathu wa kuchigayo sungatero, kaya woyera kaya mgaiwa. Ndinabwerera ku ufa wa tirigu, n'kupanga tichapati tating'ono topyapyala kwambiri, towotcha pachiwaya chouma popanda mafuta. Mwana wanga akuti si kubera, chifukwa kumpoto kwa Mexico nakonso amadya tortilla wa tirigu. Mukawotcha muzitikulunga m'nsalu kuti tisaume, apo ayi tithyoka popinda.

Ndigulenso? Akamabwera mwiniwakeyo pa Khirisimasi ndigula paketi imodzi. Masiku ena onse ndizifinya soya pieces wanga. Amene mukufuna kuiyesa, lawani musanathire mchere, chifukwa imabwera ili nawo kale, ndipo ngati mukuikamo zokometsera za tacos za m'paketi, nazonso n'zamchere. Ine tsiku loyamba lija ndinathira osalawa, moti usiku wonse tinkangodzukira madzi akumwa.