Mulan, Turning Red ndi Ne Zha: onetsetsani amayi a m'makatuniwa

Posankha katuni yoonetsa ana chikhalidwe cha anthu a ku China, ambiri timangoona mwana amene ali pachikuto. Koma makatuni atatuwa amasiyana kwenikweni pa momwe anajambulira amayi.

Mulan ya Disney, ya 1998, inachokera m'ndakatulo yakale ya ku China. M'menemo mtsikana alowa usilikali m'malo mwa bambo ake, nakhala kunkhondo zaka 12 anzake osadziwa kuti ndi mkazi. Disney inawonjezera zake: amamutulukira atavulala, ndipo lamulo likuti aphedwe. Zimenezi m'ndakatulomo mulibe, ndipo zimachititsa China kuoneka yankhanza kuti Mulan awale yekha. Mayi ake, Fa Li, ntchito yawo yaikulu ndi kumukonzekeretsa kukaonekera kwa mayi wopezera atsikana amuna. Chinjoka, chomwe ku China chinali chizindikiro cha mfumu, pano ndi Mushu, kanthu kakang'ono kanthabwala. Adani nawo anawapatsa khungu lotuwa ndi maso achikasu ngati zilombo.

Turning Red ya Pixar, ya 2022, inatsogoleredwa ndi Domee Shi, wobadwira ku China koma wokulira ku Canada. Nkhani yake ikuchitikira ku Toronto mu 2002, choncho ndi ya banja lokhala kunja. Ming, mayi wa Mei, mtsikana wa zaka 13, poyamba ndi mayi wovuta uja amene azungu amakonda kujambula: amazembera mwana mpaka kusukulu, kumubweretsera mapadi anzake akuona. Chabwino n'chakuti filimuyi imafotokoza gwero lake. Ming nayenso anakangana ndi mayi ake ali mtsikana mpaka kuwavulaza, ndipo mantha amenewo sanamuchoke. Kukhitchini amaphika ndi bambo, Jin. Pa atatuwa, iyi ndiyo yoyenera atsikana amene akutha msinkhu.

Ne Zha ya 2019 inapangidwa ku China komweko, m'Chimandarini. Mayi Yin, mayi ake a Ne Zha, amavala zankhondo, amamenyana ndi ziwanda poteteza mzinda, kenako amabwera kudzasewera ndi mwana wawoyo, amene anthu onse akumuthawa. Palibe amene akudabwa kuti mkazi wagwira lupanga. Komabe mkazi wa udindo waukulu ndi iye yekha, ndipo nthabwala zambiri zagona pa kunenepa kwa Taiyi, mphunzitsi wa Ne Zha, ndi chibwibwi cha Shen Gongbao, munthu woipa wa m'filimuyi. Ngati m'kalasi muli mwana wachibwibwi, yambani mwaionera nokha.