Tsiku lathu loyamba ku Disneyland Paris ndi ana awiri

Mwana wathu wamng'ono, wa zaka zinayi, anaperewera ndi masentimita awiri okha. Anaima njo pa ndodo yoyezera msinkhu pakhomo la kasitima kothamanga ka Big Thunder Mountain, n'kutukula chibwano, n'kuyesa kuimira zala zakuphazi, koma pa mita 1.02 sanafike. Mayi wogwira ntchito pamenepo anagwada n'kumuyang'ana m'maso, n'kumulankhula mofatsa m'Chingelezi chosakaniza ndi Chifalansa. Iyeyo misozi inali italengeza kale. Ine m'chikwama ndinali ndi pepala limene ndinakhala ndikulemba kwa miyezi itatu, lonena chimene tikwere ola lililonse. Ndinalipinda pompo, ndipo sindinalitulutsenso mpaka usiku.

Dzulo lake tinagona mumzinda wa Paris, ndipo m'mamawa tinakwera sitima ya RER A. Patatha mphindi pafupifupi 40 tinatsika pa siteshoni ya Marne-la-Vallée–Chessy, pamene njanjiyo imathera. Disneyland Paris, paki ya zisangalalo, ili makilomita pafupifupi 32 kum'mawa kwa Paris ndipo inatsegulidwa pa 12 April 1992. Ukangotuluka m'siteshoni chipata cha paki chili pomwepo, ana anayamba kundikoka dzanja, koma tinayamba takwera basi yaulere kupita ku Hotel Cheyenne kumene tinali titalipiriratu chipinda. Hotelayi anaimanga ngati tauni yakalekale ya kumadzulo kwa America, nyumba zooneka zamatabwa, makonde aataliatali, msewu pakati. Chipinda amapereka 3 koloko masana, koma makadi anatipatsa m'mawa womwewo ndipo zikwama anatisungira. Khadi lomwelo ndilo lolowera m'paki, ndilonso lotsegulira chitseko cha chipinda.

Ogona m'mahotela a Disney amaloledwa kulowa kuyambira 8:30, anthu ena asanayambe. Ife tinalowa cha m'ma 9 koloko, titadutsa kwa achitetezo amene amaunika zikwama. Polowera penipeni pali pansi pa Disneyland Hotel, chinyumba chachikulu cha pinki, ndipo ukadutsa pamenepo umatulukira mu Main Street. Kumapeto kwa msewuwo ndi kumene kuli nyumba yachifumu ija imaoneka pa zithunzi, nsanja zake zosongoka, mitengo ya m'mbali yodulidwa makona anayi. Mtsikana wathu wa zaka 9, amene pakamwa pake sipauma, anangoti zii. Anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka ndinamva kuwawa. Theka la ola limene linatsala anthu ena asanalowe tinaligwiritsa ntchito ku Fantasyland, chimodzi mwa zigawo za pakiyi. Tinakwera njovu zouluka, tinakweranso akavalo ozungulira a Le Carrousel de Lancelot kawiri konse, osaima pamzere. Pofika 11 koloko malo omwewo anali atadzaza moti chikuku cha mwana chinkavuta kudutsa.

Ndiye tibwerere pa ndodo paja. Mayi uja anatifotokozera za dongosolo lotchedwa Rider Switch. Kholo limodzi limakwera, lina limatsala ndi mwana wosafika msinkhu, kenako amasinthana ndipo wachiwiriyo saimanso pamzere wautali. Ine ndi mtsikana tinayamba. Tinadikira mphindi 50, ndipo sindikudandaula ngakhale pang'ono. Kasitimaka kamanyamukira kumtunda, kenako kamalowa mumdima wa ndiweyani, kudutsa pansi pa madzi, n'kukatulukira pachilumba cha miyala yofiira chili pakati pa nyanja yokumba. Kamakhota mwadzidzidzi, kamatsetsereka, mimba imachita ngati yatsala m'mbuyo. Mwanayo ankaseka ndi kukuwa nthawi imodzi, tsitsi lili m'maso. Titatsika miyendo yanga inkanjenjemera, iye akufunsa kale ngati tingabwereze.

Tinapeza mnyamata wathu atasintha nkhope. Pamene ife tinali pamzere, bambo ake anamutenga kukazungulira nyumba yachifumu, ndipo anapeza kanjira kotsikira pansi pake. Atangondiona anathamanga n'kundigwira siketi. "Amayi, tiyeni mukaone. Koma musachite phokoso, chagona."

Malowa amawatchula La Tanière du Dragon. Ndi phanga lamdima, lozizira, la madzi obiriwira, ndipo m'mbali mwa madziwo mwagona chinjoka chotalika mamita 27, unyolo uli m'khosi. Ndi chidole choyendera makina, ndikudziwa, koma nthiti zake zimakwera n'kutsika ngati chikupumadi. Timaima chete. Pakapita kanthawi chikope chimatseguka, mutu umadzuka pang'onopang'ono, zikhadabo zimagwedezeka, chimabangula motsitsa ndipo utsi umatuluka m'mphuno. Kenako chimagonanso. Mwana wanga anabisala kuseri kwa mwendo wanga, diso limodzi lili kunja, n'kundinong'oneza kuti ndisaope chifukwa achimanga. Palibe mzere pamenepo, palibe ndodo yoyezera msinkhu, ndipo anthu ambiri amangodutsa pamwamba osadziwa kuti pansi pa mapazi awo pali chinthu chotere. Tsiku limenelo tinatsikirako kanayi. Kachitatu anachitsanzika ndi dzanja. Kachinayi anafunsa bambo ake kuti usiku chimadya chiyani, ndipo iwo anamuyankha ndi nkhope yosaseka. Pamwamba pa phangalo, m'kati mwa nyumba yachifumuyo, muli mawindo a magalasi amitundumitundu amene amafotokoza nthano, ndipo mtsikana wathu anakonda amenewo kuposa chinjoka.

Chimene ndikufuna makolo anzanga amve kwambiri ndi cha masana. Itakwana 2 koloko ana anali atatheratu. Wamng'ono ankalira popanda chifukwa, wamkulu ankati nsapato zikumuluma, ine ndi bambo awo tinayamba kuyankhana mwachidule. Ponseponse tinkaona mabanja ena ali chimodzimodzi, mwana ali gone pa benchi, makolo akuyang'ana foni kuti aone pamene pali mzere waufupi. Mtima umakuuza kuti walipira ndalama zambiri, ndiye usataye ngakhale ola limodzi. Bambo awo ndi amene anati, "Tiyeni tikagone kaye." Ndinakana poyamba, kenako ndinavomera. Tinakwera basi, tinapeza chipinda chakonzeka, tinatenga zikwama zathu, ana anasamba n'kugona maola awiri athunthu. Ine ndinakhala pabedi mapazi ali m'mwamba, ndikumvetsera akupuma. Mukandifunsa ngati kugona m'hotela ya pamalo pomwepo kuli ndi phindu, ndikuuzani kuti inde, ndipo phindu lake lalikulu ndi maola awiri amenewa, kuposa ngakhale kulowa msanga kwa m'mawa kuja. Tikanagona ku Paris sitikanatha kubwerera masana, ndipo ndikukhulupirira kuti pofika 6 koloko tikanakhala tili m'sitima, tonse titakwiya.

Tinabwereranso madzulo ana ali atsopano. Kunagwa kamvula ka mphindi zochepa, ndipo apa ndinayamikira amene anajambula malowa. Mbali zonse ziwiri za Main Street kuli tinjira tofoleredwa, Liberty Arcade ndi Discovery Arcade, tolola munthu kuyenda msewu wonse osanyowa. Tinadutsa m'menemo pang'onopang'ono, tikuyang'ana zithunzi ndi zinthu zakale zimene anaika m'magalasi. Kenako tinalowa mu Phantom Manor, nyumba ya mizukwa ili ku chigawo cha Frontierland. Kumeneko sayeza msinkhu, komabe ndinganene kuti mwana wamantha muyambe mwamuganizira. Wathu anatseka maso pafupifupi ulendo wonse, nkhope ataibisa pachifuwa panga, ndipo potuluka anapempha kuti tibwerere kwa chinjoka chake.

Tinapita mu June, mwezi umene dzuwa ku Paris limalowa cha m'ma 10 koloko usiku. Izi zimasokoneza ana, chifukwa kunja kumaoneka ngati madzulo pamene thupi lawo likudziwa kuti ndi nthawi yogona. Chionetsero cha makombola ndi magetsi pa nyumba yachifumu chimachitika potseka paki, ndiye muyenera kupirira. Tinapeza malo pafupifupi ola limodzi chisanayambe. Mnyamata anagona m'chikuku makombola asanaphulike, ndipo phokoso lonse lija silinamudzutse. Mtsikana anaonera ali pamapewa pa bambo ake, kuwala kukusinthasintha pankhope pake, pakamwa pali yasa. Ine ndinaonera kwambiri nkhope yakeyo kusiyana ndi kumwamba.

Musananyamuke kwanu, ayezeni ana msinkhu atavala nsapato zimene adzavale, ndipo muwauziretu zimene angakwere. Big Thunder Mountain imafuna mita 1.02, kasitima kena ka Hyperspace Mountain mita 1.20, ndipo kasitima ka ku chigawo cha Adventureland kozungulira chadodolido kamafuna mita 1.40. Mtsikana wathu anali ndi mita 1.33, tinamuuziratu m'chipinda masana aja kuti kotsirizaka sakwera, ndiye sanakhumudwe. Tengani mabotolo a madzi, mipopi yotungira ilipo. Nsapato zikhale zimene mwaziyendera kale.

Ku chigawo cha Discoveryland sitinafikeko, ndipo paki yachiwiri ya pamalopo, imene inatsegulidwa mu 2002, sitinaiponde n'komwe. Paki itatsekedwa anthu odikira basi anali ambiri, choncho tinabwerera wapansi, kudutsa Disney Village, pamene pali masitolo ndi malo odyera, n'kutsata m'mbali mwa madzi, ulendo wa mphindi ngati 20. Bambo awo ankakankha chikuku, ine ndinabereka mtsikana kumapeto kwa njira. Pomuvula nsapato mnyamata uja anatsegula maso pang'ono n'kufunsa ngati chinjoka chagona. Ndinamuuza kuti chagona, ndipo mawa tikayambira komweko.