Laminate pabalaza pathu: ntchito inakoma, koma pakhomo patupa

Ndinatopa nako kugwada Loweruka lililonse kupaka Cobra pasimenti. Ndalama za fodya zitatuluka ku Chinkhoma, ine ndi bambo a ana tinagwirizana zoika laminate pabalaza, matabwa opyapyala akufakitale oyala pansi. Matabwa tinakagula ku Lilongwe, a 8 mm, olembedwa AC4 (chizindikiro cha kulimba kwa pamwamba pake), koma mmisiri tinamupeza konkuno ku Kasungu, mnyamata amene anatilozera achemwali anga.

Tsiku loyamba sanagwire kanthu. Anangogoneka makatoni pabalaza, nati akhale masiku awiri kuti azolowere mpweya wa m'nyumba. Bambo a ana anayamba kung'ung'udza kuti ameneyu wadya dipoziti basi. Pobweranso mmisiriyo anayendetsa thabwa lalitali pansi, ndipo tinadzionera tokha kuti simenti yomwe tinkainyadira ija ili ndi zigwa. Anazikwirira, n'kudikira kuti paume. Kenako anayala pulasitiki wotchinga chinyontho, pamwamba pake kasiponji kopyapyala, ndiye matabwa. Guluu ayi, msomali ayi, amangolumana m'mphepete. M'mbali mwa khoma anasiya kampata ngati sentimita imodzi. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, apa mwaiwala kapena matabwa achepa?" Anaseka, nati matabwawa amafutukuka nyengo ikasintha, ndiye akasowa kolowera amatukuka pakati pa chipinda. Kampatako anakabisa ndi skirting, timatabwa toyenda m'munsi mwa khoma. Chitseko chopita kukhitchini chinayamba kukhula pansi, anachichotsa n'kuchipala osawonjezera mtengo.

Chimene sindinamukhululukire n'chakuti za madzi sanatiuze. Ife kuno kukolopa ndi ndowa yodzaza ndi chikolopa chodontha, ndipo mwana wanga anachita choncho mwezi wathunthu. Mvula ya mu Januwale itawombera kukhonde, madzi analowa kunsi kwa chitseko, matabwa awiri a pakhomo anatupa m'mphepete. Mkati mwake ndi utuchi wopanikizidwa, ukamwa madzi subwereranso. Nditamuimbira anati abwera Lachiwiri. Sanatchule kuti Lachiwiri la mwezi uti. Mwayi wake katoni imodzi inatsala, ili pansi pa bedi kudikira mwini ntchito.

Fumbi la mu Okutobala limachoka ndi tsache lofewa ndi kansalu kofinya bwino, ndipo mawondo anga apuma. Apongozi okha ndiwo sanagwirizane nazo. Akabwera kuchokera kumudzi amayenda chogwira khoma, ati pamaterera, kenako amapempha mphasa akakhale pakhonde.